Loweruka la Dokotala Bempong

"Loweruka upita," anatero mwana wanga Twumasi, munsi uli m'mwamba. "Ndanena ine malume ako."

"Sindipita, amalume," anayankha Fosuaa, dzanja lili mu mtondo, akutembenuza fufu, nsima yathu ya chinangwa chosinja.

Munsi unatsika, dzanja linachoka. Munsi unakwera, dzanja linabwerera. Ndakhala ndikuwauza kuti anthu okangana asamasinjire mtondo umodzi, koma pakhomo pano mawu anga amangopita ndi mphepo.

"Zala, Fosuaa. Iwenso Twumasi, taimika munsiwo. Ukamuphwanya dzanja akabaya anthu jakisoni ndi chiyani?"

"Amayi, dzanjalo likhala ndi ntchito yanji mwezi uno ukatha alibe chiphaso? Azidzabaya nkhuku?"

Fosuaa ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Ndiye amaona odwala pa chipatala chathu chaching'ono kuno ku Kwaemu. Anthu amamuitana kuti dokotala, iye amakana, amati ndi wothandizira dokotala. Ine sukulu sindinaiponde, koma lamulo la ntchito yake ndalimva kambirimbiri moti ndingaliimbe. Limati munthu ngati iye sagwira ntchito payekha. Pamafunika dokotala wamkulu womuyang'anira, wobwera kudzaona momwe akuchizira anthu, womuyankha matenda akamukanika, ndiponso wovomereza kwa akuluakulu chaka chikatha kuti chiphaso chake chipitirire. Wake anali Dokotala Bempong wa ku chipatala cha ku boma. Odziwa kuwerenga amati dzina lake lili pakhoma la chipatala chathu. Mwini dzinalo tinamuona komaliza koko asanayambe n'komwe kupsa m'minda.

"Munthuyo akungofuna aone ntchito yako," anapitiriza Twumasi. "Wamkulu ngati uja angamaphe galimoto yake mu msewu wathu wa maenjewu? Wamng'ono ndiye amatsata wamkulu."

"Ntchito yanga ili ku chipatala, amalume. Kunyumba kwawo kulibe odwala. Anandiuza kuti ndipite ndekha, masana, ndisavale yunifolomu. Tandiuzani, ndi ntchito yanji imene imadana ndi yunifolomu?"

Twumasi anapukuta thukuta ndi phewa. Anayang'ana mtondo, anayang'ana nkhuku, ine sanandiyang'ane.

"Ngakhale zitakhala choncho, ndi dokotala. Atsikana anzako amagona m'tchalitchi kupempherera mwayi wotere. Mwina angakukwatire."

"Ali ndi mkazi ku Kumasi."

"Ndiye udzakhala woyamba padziko pano kukhala wachiwiri?"

"Amalume, mukanakhala ndi mwana wamkazi mukanamutumiza?"

"Usandifunse ngati uli m'khoti. Ndinakuphunzitsa ndi thukuta langa, lero ukufuna ubwerere kudzakhala pakhomo ngati mtondowu?"

Apa ndinaona kuti ndilowererepo moto usanagwire denga.

"Mwana wanga, mvera ine. Usapite. Komanso usalimbane naye. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Anthu oterewa ali ndi anzawo paliponse, ukamuyala manyazi udzangomva kuti akusamutsira kumpoto kumene madzi amatunga ndi bulu. Ingoisiya ntchitoyo mwakachetechete. Munda ulipo, chinangwa sichifunsa chiphaso."

"Nana, ndiye ndisapite, ndisalimbane, ndisiye ntchito?"

"Ndipo usauze munthu. Akakutumizira chakudya usadye. Galimoto yosaidziwa ikaima pafupi nawe, lowa m'nyumba ya anthu."

Fosuaa anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano.

"Zouza munthu mwachedwa nazo. Ndinapita kale ku ofesi ya zaumoyo ku boma. Anandifunsa kuti, wakugwira? Ndinati ayi. Alipo anamumva akunena zimenezi? Ndinati ayi. Ndiye anati, bwerera ukagwire ntchito, mwana, usamaipitse mbiri ya akulu."

"Waonatu," anatero Twumasi, n'kukwezanso munsi. "Ngakhale boma lakuuza."

Tsiku limenelo fufu anali wosalala bwino, koma aliyense ankameza ngati akumeza miyala.

Chimene ndinkaopa ine sindinachinene pamaso pa Twumasi. Ndimaotcha nthochi ndi kugulitsa mtedza pansi pa mtengo wa mango woyang'anizana ndi chipatala, ndipo munthu wokhala pamalo amodzi amaona zambiri. Fosuaa asanabwere, pa chipatalapo panali mtsikana wina, Benewaa, woyang'aniridwa ndi dokotala yemweyu. Ndinkamuona Loweruka akukwera trotro, minibasi ya kwathu kuno, atavala za kutchalitchi, madzulo akutsika maso ali pansi, osandipatsa moni. Kenako anasiya kugula mtedza, akuti ukumuchititsa nseru. Kenako anangosowa, ndipo palibe anafunsa. Ine ndinaona, ndinakhala chete. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa lija linali litafika pakhomo panga.

Sabata yotsatira Fosuaa sanapite. Loweruka linadutsa, dokotala sanabwere, ndipo foni yake inasiya kuyankhidwa.

Odwala ndiwo anayamba kuvutika nazo. Opanin Dapaa, nkhalamba ya matenda a shuga, anali ndi chilonda chakuphazi chimene chinkakana kupola. Afriyie wogulitsa matimati anali ndi chotupa pakhosi. Panalinso mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, mwana wake akugwa khunyu. Onsewa Fosuaa ankati sangawayambitse mankhwala aakulu dokotala asanawaone. Anawatumiza ku chipatala cha ku boma, koma kumenekonso dokotala wake ndi Bempong yemweyo. Ankakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, n'kuuzidwa kuti a dokotala atuluka, mubwere tsiku lina.

Tsiku lina masana ndinamupititsira Fosuaa nthochi. Ndinamupeza akumanga phazi la Opanin Dapaa, foni ili patebulo ikuitana. Mwadzidzidzi inayankhidwa, mawu akumveka chipinda chonse.

"Fosuaa, mwana wabwino. Wandikumbuka lero?"

"A dokotala, ndi za phazi la Opanin Dapaa. Chala chayamba kuda. Ndikupempha mubwere mudzalione, kapena mundiuze tsiku loti akakupezeni."

"Za odwala ako tidzakambirana Loweruka kunyumba, ndinakuuza kale. Lamulo likuti ndizikuyang'anira. Ndikuyang'anira bwanji iwe ukundithawa? Mwezi ukutha uwu, ndipo akuluakulu andifunsa za iwe. Ndiwauze chiyani?"

"Muwauze zimene mwaona pa ntchito yanga."

"Ndiye vuto lake limenelo, sindinaone kanthu. Ubwere dzuwa lili pamutu. Wekha. Ndipo zija ndinanena za zovala usaiwale."

Foni inaduka. Opanin Dapaa anayang'ana phazi lake nthawi yaitali.

"Mwana wanga," anatero, "phazi langali lisakugulitse. Ndayenda nalo mokwanira."

Fosuaa anamaliza kumanga, anasamba m'manja, n'kutembenukira kwa ine.

"Nana, Loweruka ndipita."

Mbale ya nthochi inatsala pang'ono kundipulumuka.

"Wapenga? Ukufuna undiike m'manda chaka chino? Mbuzi siipita kukacheza kwa fisi."

"Ndikamuuza pamaso pake kuti ayi. Zapafoni zandikwana."

"Pamaso pake, chitseko chotseka, ndani akamve ayi wakoyo? Sukupita wekha. Ndipita nawe."

Nditangonena choncho mantha ena anandigwira. Ine nkhalamba, mawondo olira ngati chitseko, akandikankha ndikagwera kuti? Nanga ngati ali ndi agalu?

"Komanso awiri sitikwana," ndinatero. "Pafunika wina wamphamvu. Afriyie ali ndi mikono. Pafunikanso mwamuna, ngakhale wodwala, bola akhale ndi ndodo."

"Ndodo ndili nayo," anatero Opanin Dapaa.

Fosuaa anandiyang'ana, kenako anayang'ana nkhalamba ija, nkhope yake n'kuyamba kusintha.

"Nana, mantha anuwa nthawi zina amaganiza bwino. Iwo akuti tikakambirane za odwala. Lamulo likuti odwala amene andikanika awaone ndi maso awo. Kuno sabwera, ku chipatala sapezeka, kunyumba ndiye atiuza okha tsiku limene amapezeka. Opanin, mungalole kupita?"

"Ku chipatala ndapita kawiri pachabe. Kachitatu ndikaoneko nyumba ya dokotala, mwina ili ndi mipando yofewa."

Ine sindinakhutire. Panali chinthu chimodzi chimene chinkandizungulira m'mutu. Madzulo ake Afriyie atabwera kudzagula nthochi ndinamukhazika pansi, poti iye amagulitsa matimati mu msika wa ku boma ndipo amadziwa khomo lililonse.

"Tandiuza, dokotalayu amakhala ndi yani?"

"Ndi mayi ake, Maame Birago. Amagula kwa ine. Mayi wovuta, tomato aliyense amamutembenuza ngati akufuna kumukwatira."

"Ndiye munthu wokhala ndi mayi ake angaitanire mtsikana kunyumba?"

"Nana Tiwaa, mwakalamba n'kuiwala? Loweruka mayi wamkulu ngati uja angapezeke pakhomo masana?"

Ndinadziguguda pachifuwa. Zoonadi. Kwathu kuno Loweruka ndi tsiku la maliro, ndipo mayi wodziwika sasowa maliro oti apiteko. Amavala nsalu yakuda dzuwa likakwera, amabwerera madzulo. N'chifukwa chake Loweruka, n'chifukwa chake masana. Galu wamkota sakandira pachabe.

"Ndiye ife tikafike mayiyo asanamange mpango," ndinatero.

Twumasi atamva anakalipa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

"Mukufuna kundichititsa manyazi mpaka ku boma? Akakuitanirani apolisi ine sindikudziwani."

"Apolisi ndikuwaopa kuposa iwe," ndinamuyankha. "Ngozi ya pamsewu ndikuiopa, agalu ndikuwaopa, dokotalayo ndikumuopa. Koma ndinaona Benewaa akutsika trotro, ndipo chimenecho ndikuchiopa kuposa zonse."

Twumasi anangolowa m'nyumba.

Loweruka m'mawa, mame asanaume, tinali pa msewu. Fosuaa anavala yunifolomu yake yoyera yosita bwino. Opanin Dapaa anabwera ndi ndodo yake ndi mkazi wake, Afriyie anabwera, mayi uja anabwera ndi mwana wake kumsana. Ine ndinamanga mtedza pansonga ya nsalu, poti sudziwa ngati kumene ukupita ukagona m'chitokosi. Trotro itatsala pang'ono kunyamuka tinaona Twumasi akubwera, atakolekera nsalu yake ya pamwambo paphewa.

"Musaganize kuti ndavomereza," anatero akukhala. "Koma banja silingapite kwa eni ake popanda wolilankhulira. Mungakanene zopusa."

Njira yonse ndinkamuchenjeza dalaivala za maenje, mpaka anandifunsa ngati ndikufuna chiwongolero.

Nyumba ya dokotala inali ya mpanda wautali ndi geti lachitsulo. Agalu kunalibe, ndinayamika Mulungu. Afriyie anagogoda. Anatsegula ndi mayi wamfupi wonenepa, atavala kale nsalu yakuda ya maliro, mpango wofiira uli m'manja asanaumange. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, monga momwe Afriyie anati amachitira ndi matimati.

"Afriyie, lero msika wabwera kunyumba?"

"Ayi, Maame. Ndabwera ndi akuluakulu a kwathu ku Kwaemu."

Maame Birago anayang'ana imvi za Opanin Dapaa, anayang'ana zanga. Mayi woleredwa bwino sangafunse nkhani alendo ali chiimire pa geti. Anatilowetsa pakhonde, tinamupatsa moni wa m'manja kuyambira kumanja, anatikhazika pansi, anabweretsa madzi. Ine madzi a kwa eni ndimawaopa, koma tsiku limenelo ndinamwa mpaka pansi pa kapu, chifukwa ndani sadziwa kuti mlendo amene wamwa madzi ako sungamuthamangitse usanamve amanee, chimene wadzera? Ndipo akayamba kufotokoza, ngakhale mfumu siimudula.

Tili pomwepo chitseko chinatseguka. Anatuluka Dokotala Bempong, atavala kabudula ndi malaya amkati, mswachi uli pakamwa. Anaona Fosuaa, n'kuyamba kumwetulira. Kenako anaona ife tonse, kumwetulira kuja n'kuuma.

"Ichi n'chiyani? Fosuaa, anthuwa wawabweretseranji kuno? Pano si pa chipatala. Tulukani."

"Kwaku," anatero mayi ake osatembenuka, "alendo anga amwa madzi. Kavale, ubwere ukhale pansi."

"Amayi, izi ndi za kuntchito, inu simungazi..."

"Ndati kavale."

Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Dokotala wamkulu wa boma lonse analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala thalauza, n'kukhala pampando wa pakona.

Maame Birago anakhala moyang'anizana nafe, mpango uli pamiyendo.

"Kuno kulibe choipa. Inu ndinu mwayenda. Amanee?"

Tonse tinayang'ana Twumasi. Anaimirira, anakonza nsalu paphewa, anatsokomola. Anayang'ana dokotala, anayang'ana galimoto yonyezimira pabwalo, anatsokomolanso.

"Maame, ife tabwera... kunena zoona tinangoti tidzakuoneni... poti msewu wathu uja ndi woipa..."

Mawu anamuthera. Anakhala pansi ngati thumba la koko. Ndinaona dokotala akuyamba kupezanso mphamvu, akukonzekera kuimirira, ndipo ndinadziwa kuti akangolankhula iye tabwerera chimanjamanja. Ndinagwira phewa la Afriyie n'kuimirira.

"Maame, mundikhululukire, ine ndine Tiwaa, wootcha nthochi. Kulankhula pa anthu sindidziwa. Sitinabwere ndi choipa. Uyu wavala zoyerayu ndi mdzukulu wanga, ndipo mayi ake anamwalira, ndiye maso ake ndine. Mwana wanu ndi amene boma linamuika kuti azimuyang'anira pa ntchito. Kwathu sabwera. Wamuitana kuno lero, akuti abwere yekha, dzuwa lili pamutu, asavale yunifolomu, apo ayi ntchito imuthera."

"Limenelo ndi bodza la..." anayamba dokotala.

"Mlendo sanamalize," anatero mayi ake.

"Ndiye ife tinasokonezeka, Maame, poti ndife anthu akumudzi. Tinati, ngati mwana wanu akufuna mdzukulu wanga ukwati, khomo lathu likudziwika, malume ake ndi awa, koma sitinamve munthu akugogoda kapena kuona botolo la chakumwa chofunsira mbeta. Ngati akufuna za odwala, odwala ndi awa, tawabweretsa. Ngati pali chachitatu chimene amafuna pa Loweruka, inu muli ku maliro, ife sitikuchidziwa dzina lake. Tabwera kuti inu mutiuze. Ndamaliza."

Ndinakhala pansi.

Maame Birago anapinda mpango uja kawiri, n'kuupindanso.

"Mwana wanga," anatero kwa Fosuaa, "zimene anena agogo akozi n'zoona?"

"N'zoona, Maame. Lamulo la ntchito yathu limati ine ndisachite zopitirira malire anga, ndipo iwo azibwera kumene ndikugwira ntchito, aziona odwala amene andikanika. Ine mbali yanga ndasunga. Sindikupempha chifundo, ndikupempha achite mbali yawo."

"Alipo anamumva akukuitana?"

"Ndinamumva ine," anatero Opanin Dapaa, akugogoda ndodo pansi. "Phazi ndi limene lawola, makutu ali bwino. Anati wekha, ndipo za zovala usaiwale."

"Amayi," anatero dokotala, mawu atatsika, "anthuwa samvetsa momwe ntchito imayendera. Ndili ndi zipatala zambiri zoti ndiziyang'anira. Nthawi ndilibe. Loweruka ndi tsiku lokhalo limene..."

"Limene ine ndimachoka."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Pali Loweruka lina ndinabwerera msanga mutu ukundipweteka," anapitiriza mayiyo pang'onopang'ono. "Ndinakumana ndi mtsikana pa geti akutuluka, akulira. Unandiuza kuti wamwalira ndi wodwala wake. Ndinamupepesa, Kwaku. Ine mayi ako ndinamupepesa mwana uja ndi pakamwa pangapa."

Anatembenukira kwa ine.

"Anali wa kwanu?"

"Anali Benewaa, Maame. Anachoka ali ndi pakati. Kumene ali sindidziwa."

Pa geti panamveka kugogoda. Anali amayi awiri a nsalu zakuda, anzake odzamutenga kupita ku maliro. Ndinaganiza kuti awabweza kuti manyazi a m'nyumba asatuluke, ndipo ine ndikanatero. Koma iye anawakodola.

"Lowani, khalani. Lero ku maliro ndichedwa. Womwalirayo andidikira, sakupita kulikonse. Kuno kuli amoyo amene mwana wanga akufuna kuwasandutsa maliro." Anaika mpango pambali. "Kwaku, ndinawamba nsomba mpaka maso anga anafiira ndi utsi kuti anthu azikutcha dokotala. Katenge chikwama chako."

"Amayi, pakhonde pano sindingathe..."

"Unaitanira ntchito kunyumba ndiwe. Yafika."

Anakatenga chikwama. Ndinaona ndi maso angawa Dokotala Bempong atagwada pa simenti, phazi la Opanin Dapaa lili pabondo pake, Fosuaa ataima pambali akumufotokozera mankhwala amene anapereka kale ndi momwe shuga wakhala akukwerera. Ndisaname, ntchito amaidziwa. Atangoona chala chija nkhope yake inasintha, anaiwala ife tonse, anayamba kufunsa mafunso mofulumira, Fosuaa akuyankha. Anati nkhalambayo igonekedwe tsiku lomwelo, ndipo aitengera yekha pa galimoto. Anapapasa khosi la Afriyie, anamuuza tsiku lokajambulitsa. Anamuyeza mwana uja, n'kumuuza Fosuaa mankhwala oti amuyambitse ndi momwe azimuonera.

"Ndiye zinali zovuta pati?" anafunsa Opanin Dapaa. "Ndimayesa kuyang'anira kwake kumafuna mdima."

Amayi a nsalu zakuda aja anaseka mobisa kukamwa.

Pobwerera Twumasi ndiye ankalankhula kwambiri mu trotro.

"Mwaona momwe ndinayambira mofatsa? Nkhani zotere umayamba ndi za msewu, kuti mdani asadziwe kumene ukulowera."

"Amalume," anatero Fosuaa, "munalowera pansi pa mpando."

Ngakhale dalaivala anaseka. Twumasi anakwiya pang'ono, kenako anasekanso. Tikutsika anamunyamulira Fosuaa chikwama, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

Ine ndinkafuna zithere pomwepo. Ndinamuuza Fosuaa kuti mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri. Sanandimvere. Lolemba anabwerera ku ofesi ya zaumoyo ija, ulendo uno ndi mkazi wa Opanin Dapaa, Afriyie ndi malume ake.

"Munandifunsa ngati alipo anamva," anawauza. "Ndabwera nawo. Ena awiri ndi a mpingo wa mayi ake, mukawafuna ndikuuzani kumene amakhala."

Akuti bwana wa mu ofesimo anayang'ana anthuwo, n'kuitanitsa mipando. Anamuuza kuti chiphaso chake chipitirira, kuti mwezi wamawa amupatsa dokotala wina womuyang'anira, ndipo nkhani ya Bempong aitumiza kwa akuluakulu oweruza madokotala. Koma pofika mwezi wamawawo, Bempong yemweyo azibwera ku Kwaemu monga lamulo linenera.

Ine zimenezo sizinandigoneke tulo. Munthu wochititsidwa manyazi ndi njoka yopondedwa mchira. Ndinamuuza Fosuaa kuti akabwera asatseke chitseko, asakhale naye yekha m'chipinda, ndipo ine ndisuntha mbaula yanga ifike pafupi ndi zenera.

Lachinayi m'mawa, makala akungoyamba kuyaka, ndinamva galimoto ikulimbana ndi maenje athu. Inaima pa chipatala. Anthu a pa benchi anaimirira kuti aone bwino. Anatsika Dokotala Bempong ndi chikwama chake, osayang'ana kumanja kapena kumanzere, n'kulowa. Fosuaa anamulandira pakhomo, n'kutsegula chitseko mpaka kukhoma, n'kuchitchinga ndi mwala.

Kenako chitseko china cha galimoto chinatseguka. Anatsika Maame Birago, atanyamula kampando kake ndi ambulera. Anawoloka msewu pang'onopang'ono, n'kudzaika kampandoko pambali pa mbaula yanga, poonekera bwino zenera.

"Nana Tiwaa, kuno kuli bwanji?"

"Kulibe choipa, Maame. Inu ndinu mwayenda." Ndinamutungira madzi, anamwa. "Amanee?"

"Ziwiri. Choyamba, mundifunsire kwa anthu kumene kuli kwawo kwa Benewaa. Ngati kuli mdzukulu wanga kumeneko, ndikufuna ndikagogode ndekha."

"Ndifunsa. Koma mukapite ndi anthu, ndipo mukayembekezere mawu owawa."

"Ndikawameza."

"Nanga chachiwiri?"

Analoza zenera ndi ambulera. M'katimo mwana wake anali atawerama pa wodwala, mdzukulu wanga akumuonetsa kanthu pa mkono wa munthuyo.

"Mdzukulu wanu anati lamulo lawo limafuna kuti aliyense akhale ndi womuyang'anira. Ndinafunsa kuti nanga wa Kwaku ndani, palibe anandiyankha bwino. Ndiye mpaka amupezere, ndine."

Ndinamusankhira nthochi yopsa bwino, n'kumuthirira mtedza m'dzanja.

"Sunthirani kuno pang'ono, Maame," ndinamuuza. "Nthambi ili pamwamba panuyo sindiikhulupirira."